Aircon ya split mu galaja yopalira matabwa, ingathandize pa chisanu cha ku Joni?

Kalipentala_Tembisa: Abale ndigawireni nzeru. Ndimapala matabwa mu galaja ya lendi, mamita 6 mbali zonse, denga la malata lopanda siling'i. Juni ndi Julayi m'mawa zala zimachita kuuma gwa, guluu nayenso sagwira, amangoyera ngati choko pa joini kenako mpando ukubwezedwa ndi kasitomala. Hita ya ma bar ikundithera mayunitsi koopsa. Bwana wina amene ndinawapangira makabati akuti ndigule aircon ya split ija (ya zigawo ziwiri, china mkati china kunja) imatenthetsanso, zoona zimenezi? Nanga utuchi siungaiphe?

MafirijiNdiMaAircon: Imatenthetsa achimwene, ndaika zambiri. Iyo siyatsa waya ngati hita, imakoka kutentha mu mpweya wa panja nkukulowetsa mkati, ndiye pa yuniti imodzi ya magetsi mumapeza kutentha kwa mayunitsi atatu kapena chapompo pamene hita yanuyo imodzi ndi imodzi basi. Koma musathamangire kushopu. Malata opanda siling'i ndi chimodzimodzi kutunga madzi ndi dengu, yambani mwakhoma siling'i ndi insulation (zotchinga kuti kutentha kusathawe) pamwamba pake, mutseke mipata ya chitseko chachikulu chija, mukatero aircon ya mphamvu ya 12000 BTU (ndi pafupifupi 3.5 kW) ya inverter (yosintha yokha liwiro malinga ndi kufunika) ikhoza kukwana, mukapanda kutero ngakhale 18000 idzingolira tsiku lonse. Woika akhale ndi vacuum pump, akoke mpweya ndi chinyezi m'mapaipi asanatsegule gasi, mukaona wangomanga manati nkutsegula muimitseni pomwepo chifukwa compressor yake (pampu yokankha gasi) sikhalitsa. Ikhalenso ndi breaker yakeyake. M'mawa kukagwa chisanu idzaima mphindi zingapo, chakunja chija chikuchucha madzi ndi kufuka nthunzi, musaope ikusungunula ayezi.

Bambo_a_Tiya: Za utuchi zinandionekera ine. Yanga ndinaikhoma pamwamba penipeni pa sander, patapita miyezi iwiri mphepo inasiya kutuluka, nditatsegula fyuluta inali ngati bulangete ndipo utuchi wosalala uja unali utadutsa nkumatirira pa coil (timapaipi ta gasi ta kuseri kwa fyuluta), paipi ya madzi nayo itatsekeka madzi akutsika pakhoma mpaka pa mabodi a kasitomala. Ndinalipira munthu kudzatsuka. Pano ili kukhoma lakutali ndi makina, fyuluta ndimatsuka Loweruka lililonse, ndikamasanda kapena kupopera vanishi ndimaithimitsa kaye.

Mai_Telala: Achimwene chonde podikira ndalamazo musalowetse mbaula mmenemo mutatseka chitseko, mpweya woipa wa makala oyaka sununkha koma umapha, chaka ndi chaka timamva maliro kuno nthawi yozizira. Komanso a landilodi mwawafunsa? Pakufunika kuboola khoma.

Kalipentala_Tembisa: Zikomo nonse. A landilodi avomera bola ndidzatseke bowolo posamuka. Siling'i ndikhoma ndekha mwezi uno. A Mafiriji, posamukapo gasi amatayika kapena pali njira yomusungira?

MafirijiNdiMaAircon: Satayika, timamubwezera mu chakunja chija tisanamasule mapaipi, pump down. Musadzamasule nokha.