Zilombo zitatu za ku Alps, koma zonse zikutuluka nkhope imodzi

Mphatso: Akuluakulu, ndipatseni nzeru ntchito isanandipulumuke. Ndili ndi oda ya anthu ena opanga gemu ya makhadi ya pafoni. Akufuna mizimu itatu ya nyengo yozizira yochokera m'nthano za kumapiri a Alps ku Ulaya. Ndatumiza masiketchi kawiri, kawiri konse abweza. Akuti khadi likachepa pasikirini, zitatu zonse zikungooneka nyanga, ubweya ndi mano. Chowawa n'chakuti sakunama, ndayang'ana pafoni yanga, inenso mwini wake sindikuzisiyanitsa. Akufuna Lachisanu.

Dalitso: Achimwene, pofufuza zithunzi munalemba dzina lanji? Ngati ndi Krampus yekha, nthenda ndi imeneyo. Musanachite chilichonse, pakani zonse zitatu utoto wakuda bii, muzichepetse, muone ngati mungazitchule mayina ndi mthunzi wokha.

Mphatso: Ndapaka. Zatuluka mbuzi zitatu zoima ndi miyendo iwiri.

Tiyamike: Ndaseka mpaka misozi. Ine ndakhala ku Salzburg, ku Austria, zaka zingapo, ndiye imvani kuno. Krampus ndi Perchten anthu amazisakaniza, ngakhale eni ake masiku ano, koma si chinthu chimodzi. Krampus ndi wa pa 5 Disembala madzulo, amayenda ndi Nikolaus woyera. Nikolaus amapatsa ana omvera mphatso, Krampus amaopseza osamvera. N'chifukwa chake amanyamula mkwapulo wa timitengo, tcheni, ndi dengu kumsana loti aponyemo mwana. Pa mapositikhadi akale olembedwa Gruß vom Krampus (moni wochokera kwa Krampus) mumupeza ndi lilime lalitali lofiira, nthawi zambiri phazi limodzi la munthu, lina chiboda. Perchten ndi a masiku a pakati pa Khirisimasi ndi 6 Januwale, ndipo alibe Nikolaus wowalamulira. Alipo oipa nkhope, Schiachperchten, alipo okongola, Schönperchten. Inu mwajambula oipa okhaokha.

Mphatso: Okongolawo sindinawaganizire n'komwe. Koma kasitomala akufuna zoopsa, achemwali.

Tiyamike: Kuopsa si mano okha. Fufuzani Schnabelperchten a ku Rauris, m'dera la Salzburg lomwelo. Amayenda pa 5 Januwale, atavala ngati agogo aakazi, mpango kumutu, zovala zazigamba, nkhope yonse ndi mlomo wautali wa mbalame wa nsalu yoyera, maso osaoneka bwinobwino. M'manja tsache ndi sizasi yaikulu, kumsana dengu. Amalowa m'nyumba akulira "kwa, kwa, kwa", kudzayang'ana ngati mwasesa. Nthano imati akapeza uve, amakutumbula mimba ndi sizasiyo n'kulongamo zinyalala. Zimenezi zikuchokera kwa Frau Perchta mwini wake, mayi wa m'nthano amene ankayendera atsikana kuona ngati amaliza kupota ulusi wawo wa fulakesi, waulesi n'kumudzaza udzu m'mimba. Nyanga palibe, ubweya palibe. Koma gogo wa mlomo wa mbalame atawerama kusuzumira kuseri kwa chitseko chanu, ine ameneyo amandiopsa kuposa Krampus khumi.

Dalitso: Mthunzi wachiwiri ndi umenewo. Mlomo ukuloza kutsogolo, sizasi yotsegula. Ngakhale khadi lichepe ngati njere ya nyemba lidziwika.

Kondwani: Wachitatu tengani ku Switzerland. Tschäggättä a m'chigwa cha Lötschental, amatuluka mu Febuluwale, nyengo ya Lenti isanayambe. Nyanga si chizindikiro chawo. Amaunjika zinthu pamapewa kuti akhale ndi linunda, pamwamba n'kufundika zikopa za nkhosa kapena mbuzi, ndiye chigoba chachikulu chamtengo chimakhala ngati chatsikira pachifuwa, khosi osaoneka. Lamba wachikopa m'chiuno, belu la ng'ombe likulendewera. Ukachipaka chakuda chimatuluka ngati chulu choyenda.

Koma ine pali china chimene ndaona pa masiketchi anu aja munaika dzulo. Nkhope mwazijambula ngati mnofu, zosalala, zonyezimira ngati za m'mafilimu. Zenizenizo ndi mtengo wosema, kawirikawiri paini wa kumapiri uja amati Zirbe, ndipo pa zigoba zakale mikwasa ya chosemera imaoneka. Pa zigoba zokhala ndi nyanga, nyangazo ndi za mbuzi kapena nkhosa zenizeni zokhomererapo. Sankhani chimodzi: mukujambula chilombo, kapena munthu wovala chigoba amene wasanduka china? Ine ndingasankhe chachiwiri. Zilombo zosalalazo aliyense pa ArtStation, webusayiti ija ya ojambula, ali nazo.

Tiyamike: A Kondwani agunda pomwepo. Usiku woyamba kuonera mwambowu ku Salzburg, mabelu ndinawamva ndisanaone kanthu. Amawamanga kumbuyo m'chiuno, akuluakulu, ndiye munthu amayenda modumphadumpha kuti alire, miyendo yotangadza, msana wowerama chifukwa katunduyo ndi wolemera. Mmodzi anandiyandikira, fungo la mbuzi linandiwomba, nthunzi ikutuluka pakamwa pa chigoba, ndipo mkatikati mwa kamwamo ndinaona maso a mnyamata ali thukuta kamukamu. Anandikwapula m'miyendo n'kupitirira. Maso aja m'malo osayenera ndi amene sindinawaiwale. A Mphatso, zilombo zanu zaima chilili ngati zikudikira minibasi. Zisenzetseni katundu.

Dalitso: Ndipo musaiwale kuti kwa eni ake ndi mwambo wamoyo. Ku Gastein, m'dera la Salzburg, gulu lalikulu la Perchten limayenda kamodzi pa zaka 4 zilizonse. Inu mukudziwa mmene timamvera wina akatenga chigoba cha Gule Wamkulu n'kuchisandutsa chiwanda wamba mu gemu. Ngati muphatikiza mlomo wa ku Rauris ndi linunda la ku Lötschental, palibe choletsa, koma chipatseni dzina lanu, musachitche Perchta.

Mphatso: Zamveka. Ndakhala pa tabuleti kuyambira m'mawa, mithunzi yatsopano ndi iyi. Woyamba wamtali wanyanga, dengu kumsana, kaphazi ka mwana kakutulukira. Wachiwiri gogo wa mlomo. Wachitatu chulu chija. Mlongo wanga ndamuonetsa pafoni ali patali, watchula zonse zitatu mosiyana. Chatsala ndi mitundu, chifukwa pa chipale chofewa zonse zikutuluka zabulauni.

Kondwani: Aliyense mupatseni mtundu umodzi wokuwa, wina asaubwereke. Krampus chofiira cha lilime basi. Gogo mlomo woyera, ndiye kumbuyo kwake kukhale mdima wa m'nyumba, osati panja. Wa ku Lötschental chikasu cha belu ndi mano. Chipalecho musachisiye choyera mbee, usiku chimapita ku buluu, ndipo bulauni wa ubweya amadzuka yekha akakhala pa buluu.

Tiyamike: Dengu la gogo ndi la Krampus zikufanana pa mthunzi. Chotsani limodzi.

Mphatso: Ndachotsa la gogo, sizasi ndaikuza. Ndatumiza 4 koloko. Ayankha kuti awiri adutsa, wachitatu akuti belu likhale lalikulu ndithu ndipo maso a munthu m'kamwa muja ndisawachotse. Fayilo ya chithunzicho yokhala ndi zigawo zake (maleya) ndiika muno mawa, a Kondwani mudzandionere ubweya wa pamapewa, ukuoneka ngati mopu.