Tikafulasha toileti madzi akutulukira mu shawa, vuto ndi thanki kapena paipi?

Mayi wa ku Chalala:
Abale ndithandizeni nzeru. Nyumba yathu kuno ku Lusaka ndi ya seputiki thanki, ndiye chiyambireni mvula ya Januwale ukafulasha toileti madzi akumakwera kaye mpaka kutsala pang'ono kusefukira kenako nkumatsika pang'onopang'ono, dzulo lokha madzi akuda atulukira mu shawa, fungo lake osanena. Bambo a kunyumba akuti tingoitana honey sucker, galimoto yopopa zonyansa mu thanki, basi koma ine ndalama ikundiwawa poti tinapopetsa chaka chatha chomwechi. Ndathira kale caustic soda kawiri palibe chasintha. Tiyambire pati?

Pulamba wa ku Matero:
Amayi soda uja siyani kaye, akangokhala mu paipi yotsekeka amadzawotcha manja a munthu wodzakonza. Chikanakhala sinki yokha kapena bafa lokha ndikanati ndi mafuta kapena tsitsi mu kapaipi kakang'ono, koma toileti ikamakankhira madzi ku shawa ndiye kuti yatsekeka ndi paipi yaikulu ija ya 110mm kapena kutsogolo kwake. Shawa ndiyo ili pansi kwambiri m'nyumba, madzi akasowa kolowera amayambira pomwepo.

Tsegulani manhole, kadzenje kokhala ndi chivundikiro koonerapo paipi, ya pakati pa nyumba ndi thanki wina afulashe inu mukuyang'ana. Ikakhala youma madzi osafika, chatseka chili pakati pa nyumba ndi manhole, ma rod, ndodo zotokosera m'paipi, okha akwana. Ikakhala yodzaza pitani pa thanki. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, amaona madzi ali thoo nkumati yadzaza, chonsecho seputiki imakhala ndi madzi nthawi zonse mpaka m'munsi mwa paipi yotulukira. Madzi ali pa mulingo umenewo, thanki ilibe mlandu, onani polowera, pamakonda kuunjikana mawaipusi ndi mapadi. Koma paipi yotulukira ikamira ndiye kuti soakaway, dzenje lomwetsa madzi ochokera mu thanki m'nthaka, sikumwanso madzi kapena paipi yopita kumeneko yatsekeka. Ndipo chonde wina asalowetsemo mutu kapena kuyatsa machesi, mpweya wa m'menemo umapha komanso umayaka.

Agogo a mapasa:
Kwathu zinali chimodzimodzi, tinapopetsa kawiri osathandiza, kudzakumba tinapeza mizu ya mtengo wa mapeyala yalowa pa joini ya paipi yachita kulukana ngati mphasa. Mtengo unapita, mapeyala ake ndimawakumbukirabe mpaka lero. Muone ngati pali mtengo pafupi ndi mzere wa paipi.

Mnyamata wa zomangamanga:
Ine ndikukayikira soakaway chifukwa mwati zayamba ndi mvula. Mbali zambiri za Lusaka pansi pali mwala wa dolomite wokhala ndi ming'alu, dzinja likafika madzi a pansi amakwera kwambiri, soakaway imadzaza yokha ndiye a m'nyumba alowera kuti? Yendani pomwe pali soakaway muone ngati pali ponyowa, ponunkha, kapena udzu wobiriwira kuposa kwina. Thanki yabwinobwino imatha zaka 3 mpaka 5 isanafune kupopa, ndiye yanu ya chaka chatha sikuti yadzaza matope ayi. Mukapopetsabe imani pomwepo muonetsetse, madzi akamabwerera mu thanki kudzera paipi yotulukira mwaipeza nkhani, ndipo pakangopita masiku ochepa idzadzazanso. Onaninso ngati madzi a padenga sakuthamangira komweko. China, ngati mumamwa a borehole ya pa yadi yomweyo muziwiritsa kapena kuthira klorini, ming'alu ija imayendetsa zonyansa msanga, kolera ya 2017 mpaka 2018 tonse tikuikumbukira.

Mayi wa ku Chalala:
Zikomo nonse. Tatsegula m'mawa uno, manhole yodzaza, mu thanki paipi yotulukira sikuoneka nkomwe yamira. Ndipo achimwene mwalasa, gatala ya kuseri imathira madzi pamwamba penipeni pa soakaway, zaka zonsezi sitinaganizepo. Bambo ali kunja akukumba ngalande yopatutsira madziwo, zochapa ndayamba kuthira kumunda. A pulamba, soakaway yotere imauma yokha mvula ikatha kapena tiyambe kusunga ya kukumba ina?