Napolo wathu sakugonjetseka m'dzinja

Chifundo: Akuluakulu, tandithandizeni. Mu gemu ya nkhondo ya zilombo tikupanga ija, Napolo akaitanidwa m'dzinja palibe chomuimitsa. Ndinaika kuti nthawi ya mvula moyo wake uzikwera ndi theka, mphamvu yomenyera nayonso ndi theka. Anyamata oyesa gemu aku Area 25 angozolowera kudikira Disembala, kuitana a Napolo atatu, basi nkhondo yatha. Fisi ndi kadzidzi palibe akuwaitananso.

Tadala: Achimwene, vuto lili pa masamu pomwepo. Inu mukuona ngati mwawonjezera theka, koma ziwirizo zimachulukitsana. 1.5 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 2.25. Akukhala nthawi yaitali osafa, ndipo nthawi yonseyo akumenya mopweteka. Kwezani chimodzi chokha. Mu gemu ya Dominions, yopangidwa ndi a Illwinter aku Sweden, zilombo zokhala ndi Summer Power kapena Winter Power zimasintha moyo malinga ndi nyengo, ndipo nyengo yotsutsana nayo ikafika moyowo umatsika. Chimene wapindula uku amabweza uko.

Chifundo: Kutsika ndinaikanso, achemwali. M'chilimwe amayenera kufooka. Koma oyesa akuti mu Okutobala akumenyabe ngati mvula ikugwa.

Madalitso: Nyengo mukuiwerenga pati? Ngati ndi mu _ready(), gawo la code ya Godot, pulogalamu tikupangira gemuyi, ndiye kuti ikuwerengedwa kamodzi kokha, pa nthawi yoitana. Woitanidwa mu Januwale akhala wa Januwale mpaka gemu kutha. Sungani nambala yoyambira payokha osaikhudza, ndipo turn iliyonse, kapena kuti nthawi ya wosewera kuti asewere, ikamayamba muziwerengeranso kuchokera pamenepo. Musachulukitse pa nambala ya turn yapita, apo ayi azingofufuma mwezi ndi mwezi.

Chifundo: Ndi mu _ready() momwemo. Ndikusuntha pompano.

Madalitso: Mukasuntha mukumana ndi china. Napolo wovulala, watsala ndi 40 pa 150, nyengo ikasintha mukamuchotsera 50 afa yekha popanda womukhudza, ndipo wosewera adzati gemu yamubera. Muzisunga gawo la moyo lotsala, osati nambala yeniyeniyo.

Tadala: Palinso nkhani ya kalendala. Ku Dominions turn imodzi ndi mwezi umodzi, nyengo zinayi, iliyonse miyezi itatu, choncho zilombo zonse zimagawana mofanana. Ife tinasankha nyengo za kwathu kuno. Dzinja la Lilongwe limayamba chakumapeto kwa Novembala mpaka Epulo, chisanu kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chilimwe chenicheni ndi chachifupi. Ndiye chilombo cha mvula chikudya miyezi pafupifupi isanu pamene kamvuluvulu wa chilimwe ali ndi itatu basi. Yemwe nyengo yake ndi yaitali apatsidwe kochepa, wa nyengo yaifupi apatsidwe kambiri.

Mayamiko: Ine za ma code sindilowererako, ndine wojambula chabe, koma mukumuchepetsa Napolo molakwika. Agogo athu sanena kuti Napolo amakhala pamudzi dzinja lonse. Amatuluka m'phiri mvula ikachuluka, n'kudutsa ndi miyala ndi mitengo kulowera kunyanja, basi wapita. Ku Zomba mu 1946 zinali choncho, ku Phalombe mu 1991 chimodzimodzi. Musiyeni akhale woopsa, koma aziitanidwa pa phiri pokha, azitsata mtsinje, pakatha ma turn awiri azisowa. Pa chigwa ngati chathu chino asapezeke n'komwe.

Tadala: Izi zandisangalatsa, chifukwa zikuthetsanso za kuunjika atatu zija. Gulu likachuluka mphamvu yake imakula kuposa kuchuluka kwakeko, ndi zomwe katswiri wina waku England, Lanchester, analemba pa masamu a nkhondo mu 1916. Wongodutsa sangaunjikike.

Madalitso: Ine ndikukayika pang'ono. Wosewera amene wayambira pa chigwa ndiye alibe Napolo mpaka kalekale? Adandaula ameneyo.

Mayamiko: Mpatseni fisi. M'dzinja chimanga ndi udzu zikatalika asamaoneke mpaka atafika pafupi, tchire likapsa mu Seputembala azionekera patali. Simukhudza nambala iliyonse pamenepo, koma nyengo ikumveka.

Chifundo: Chabwino. Moyo wokha uchulukitsidwe ndi 1.3, kuwerenga turn iliyonse, phiri lokha, ma turn awiri. Fisi ndimuyamba mawa. A Madalitso, ndikakankha ku GitHub, komwe timasungira code yathu, usiku uno mundionereko ngati wovulala uja sakufa yekha polowa Meyi.

Madalitso: Magetsi akakhalapo ndiona. Mapu muikemo phiri pafupi ndi osewera onse awiri kaye, tione ngati fisi akukwanadi tisanawasiyanitse.