Kodi mwambi woti “khoswe akakhala pamkhate sapheka” ukutiuza kuti wolakwa timusiye?

Wofunsa, South Bend, Indiana:

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndinachoka kumudzi ndili ndi zaka 11, ndiye Chichewa changa ndi chakukhitchini, miyambi imandidutsa. Amayi abwera kudzacheza kuno, ndipo dzulo tikusenda mbatata ya kachewere, pa TV panatchulidwa Bill Cosby. Ndinayamba kuwalongosolera kuti bamboyu anali ndani. Sewero lake la pa NBC linayenda kuchokera mu 1984 mpaka 1992, iye ali dokotala, mkazi wake loya, ana asanu, banja la anthu akuda lopeza bwino lomwe azungu ndi akuda omwe ankalionera Lachinayi lililonse madzulo. Ankamutcha bambo wa America yense. Mu 1988 iye ndi mkazi wake anapereka madola 20 miliyoni ku Spelman College, koleji ya atsikana akuda ku Atlanta. Kenaka ndinawauza kuti mu 2005 mayi wina amene ankagwirapo ntchito pa Temple University anakadandaula kupolisi kuti Cosby anamumwetsa mapiritsi n'kumuchita zachipongwe, koma woimira boma pamilandu anakana kutsegula mlandu, nkhani n'kuzizira zaka pafupifupi 10.

Amayi osadabwa n'komwe. Anangoti, “Khoswe akakhala pamkhate sapheka,” n'kupitiriza kusenda. Nditafunsa anaseka, ati ndikafunse anzanga a pafoniwo. Ndiye ndafika. Mkhate n'chiyani? Ine ndimadziwa mphika ndi mtsuko basi. Ndipo mwambiwu ukulangiza kuti munthu wotere timusiye? Ngati ndi choncho, ine sindikugwirizana nawo.

Mayi wa ku Dedza:

Mwana wanga, mtsuko ndi wotungira madzi, uli ndi khosi. Mkhate ndi woumba womwewo koma waukulu, wapakamwa potambalala. Kwathu tinkathiramo madzi osamba, mkazi n'kukaikira mwamuna wake kubafa. Kuti ukhale nawo sizinali zongothamangira kugolosale ngati beseni lapulasitiki. Umayenera kukumba dothi labwino, kuliponda, kuumba, kudikira uume pamthunzi masiku angapo, kenaka kuotcha, ndipo wina unkasweka pamoto pomwepo. Ndiye taganiza, wanyamula mtengo, khoswe wakudyera chimanga uja wakhala pamwamba pa mkhate akukuyang'ana. Dzanja limaima lokha.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Ntcheu:

Amayi a ku Dedza afotokoza bwino. Ndingowonjezera pa funso lachiwirilo. Miyambi ina imalangiza, ina imangonena mmene zinthu zilili, ndipo uwu ine ndimauika m'gulu lachiwirili. Ndinkaumva pabwalo, mbuzi ikabedwa ndi mwana wa mlongo wake wa amfumu, mlandu n'kumangozengereza. Woponya mwambiwu sikuti akuyamikira khoswe. Akudandaula, nthawi zina akunyogodola oweruzawo mochenjera.

Chofunika kuona n'chakuti khosweyo alibe mphamvu. Chikumuteteza ndi katundu wathu ife eni. Amayi anu anaona msanga kuti mkhate wa Cosby sunali ndalama zake zokha. Kwa anthu akuda a ku America, amene kwa zaka zambiri TV inkakonda kuwaonetsa ngati mbava ndi antchito a m'nyumba, sewero lija linali ulemu wawo. Kumenya Cosby kunali ngati kuswa ulemuwo pamaso pa azungu. Kwa a TV anali mkhate wa ndalama, kwa makoleji anali wothandiza ana osauka. Aliyense anali ndi chifukwa chake chotsitsira mtengo.

Mnyamata wa ku Ndirande:

Aphunzitsi mwalasa, koma tisamanene Amereka okha ngati ife tinali kutali. R. Kelly tinamuvina tonse, m'maukwati, m'maminibasi, ena mpaka kuimba nyimbo zake kukwaya ati n'zauzimu. Munthuyu anakwatira Aaliyah mu 1994 mtsikanayo ali ndi zaka 15, iye 27. Mu 2008 khoti la ku Chicago linamupeza wosalakwa pa mlandu wa kanema wolaula wokhudza mwana. Patangopita zaka ziwiri anali ku Johannesburg akuimba potsegulira World Cup ya 2010, ife tili m'manja. Mkhate wake tinali ife ovinafe.

Ndipo achemwali a ku Indiana, ine ndikuona kuti amayi akunena zoona mpaka lero. Makoswe amenewa anaphedwa atatsika kale. Nkhani ya Cosby inabukanso mu 2014 ali ndi zaka 77, sewero litatha kalekale. Kelly anagamulidwa zaka 30 mu 2022, nyimbo zake zitasiya kugulitsa ngati kale. Ndani anaswa mkhate wodzaza? Anadikira ung'aluke wokha basi.

Namwino, Manchester:

Achimwene a ku Ndirande, pang'ono mwanena zoona, koma mukuwalanda amayi aja ntchito yawo. Khoswe sanatsike yekha ayi.

Takumbukirani mmene za Cosby zinayambiranso. Mu Okutobala 2014 wanthabwala Hannibal Buress, wakuda mnzake, ananena nkhaniyi pasiteji ku Philadelphia, kwawo kwa Cosby. Wina m'gulumo anajambula pafoni n'kuika pa intaneti. Zimene ananenazo sizinali zachilendo, zinali zitalembedwa kale m'nyuzi. Chachilendo chinali choti panalibenso mkonzi woti aziike m'kabati. Amayi anayamba kutuluka mmodzimmodzi mpaka kufika pafupifupi 60. Mu Julayi 2015 magazini ya New York inaika pachikuto amayi 35 atakhala pamipando, mpando umodzi wopanda munthu. Chithunzi chimenecho ndinachiona ndili pa ntchito yausiku, ndinachiyang'ana nthawi yaitali tiyi mpaka kuzizira.

Nanga Harvey Weinstein, mkulu wopanga mafilimu uja? Ameneyo anali adakali pamkhate, kampani yake ikupanga mafilimu, ochita zisudzo akumuopa chifukwa ankatha kukweza munthu kapena kumukwirira. Pa 5 Okutobala 2017 atolankhani awiri aakazi, Jodi Kantor ndi Megan Twohey, analemba mu New York Times za amayi amene ankapatsidwa ndalama kuti atseke pakamwa atadandaula kuti iye anawachita zachipongwe. Patatha masiku atatu kampani yake yomwe inamuchotsa ntchito. Pa 15 mwezi womwewo wochita zisudzo Alyssa Milano anapempha pa Twitter kuti aliyense amene zinamuchitikirapo alembe mawu awiri aja, Me Too, ndipo anthu anayankha miyandamiyanda. Mawuwo anawayambitsa ndi Tarana Burke mu 2006, mayi wakuda wothandiza atsikana ochitiridwa nkhanza, koma dziko linamva atanena wa ku Hollywood. Pamenepo palinso nkhani ina.

Chimene chinasintha m'zaka zimenezo, mmene ndikuonera ine, ndi kawerengedwe. Kale ankawerenga mtengo wa mkhate wokha. Amayi atayamba kuima pamzere ndi mayina awo, anthu anaona kukula kwa nkhokwe imene khoswe anali atadya.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Ntcheu:

Anamwino, mawu a kawerengedwewo ndawatenga. Komabe ndisiye mbali imodzi ya mwambiwu isanatayike. Akuluakulu ankautchulanso pochenjeza wokwiya kuti ayang'ane pomwe mtengo wake ugwere. Kampani ya Weinstein inagwa mu 2018, ndipo munali alembi ndi antchito ena amene sanalakwe kanthu. Sindikuti akanamusiya, ayi. Ndikungoti mkhate umasweka ndithu, ndipo zidutswa zimalasa ndi osalakwa omwe.

Mayi wa ku Dedza:

Aphunzitsi, kwathu mkhate ukasweka sititaya. Timatola phale n'kumakazingira chimanga.

Wofunsa, South Bend, Indiana:

Zikomo nonse, ndawawerengera amayi zonsezi mokweza. Za R. Kelly akana, ati iwo sanavineko, koma ine ndikukumbuka bwino ukwati wa amalume ku Area 25. Ndawauzanso mathero a nkhani ya Cosby: anapezeka wolakwa mu Epulo 2018, anakalowa kundende, koma mu Juni 2021 khoti lalikulu la Pennsylvania linathetsa chigamulocho chifukwa woimira boma wa mu 2005 uja anali atamulonjeza kuti sadzazengedwa mlandu. Mwiniwake mpaka pano amakana milandu yonse. Amayi anangopukusa mutu, ati ndiye kuti anali ndi mikhate iwiri.

Amayi a ku Dedza, ngati kwanuko ulipo wina wotsala, ndijambulireniko chithunzi. Amayi akuti wa agogo unasweka ine ndisanabadwe, ndipo anauswa ndi ambuyanga aamuna atabwera kumowa.