Kabuku ka mafupa oseketsa: ndikabise kapena ndimuleke aziwerenga?

Moni nonse m'gulu muno. Ndikupempha nzeru kwa makolo anzanga ndi aphunzitsi.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 5, wangoyamba kumene kuwerenga yekha timawu tatifupi. Azakhali ake anamubweretsera kabuku ka ana ophunzira kuwerenga. Nkhani yake ndi ya munthu wa mafupa okhaokha amene akayetsemula mutu umagwa n'kugubuduka, iye n'kumakwawa kuusaka. Masana mwanayu amaseka mpaka misozi, tsamba limenelo amalibwereza mwina kasanu. Koma kukada zimasintha. Masiku atatu otsatizana wadzuka akulira, ati mafupa ali kunsi kwa bedi. Dzulo wandifunsa ngati mutu wake nawo ungagwe akayetsemula.

Chikundizunguza n'choti kabuku kameneka ndi kokhako kamene amakatenga yekha osamuuza. Enawo amangowayang'ana pachikuto. Bambo ake akuti ndikabise basi. Ine ndikuopa kumuphera chidwi chomwe changoyamba kumene. Kodi nthabwala zoopseza zotere n'zoyenera msinkhu wakewu?

Mphunzitsi wa ana aang'ono:
Mayi, msinkhu umene amalemba pachikuto umayeza kuvuta kwa mawu ndi kutalika kwa ziganizo. Suyeza mantha. Mu 1984 Alvin Schwartz anatulutsa buku la ana ophunzira kuwerenga lotchedwa In a Dark, Dark Room. Muli nkhani ya mtsikana amene sankavula riboni yobiriwira m'khosi. Atakalamba, mwamuna wake anaimasula, mutu n'kugwa pansi. Mawu ake ndi ophweka zedi, koma alipo anthu akuluakulu amene saiiwala nkhaniyi mpaka lero.

Chinanso, mwana wa zaka 5 sanafike posiyanitsa bwinobwino zongopeka ndi zenizeni. Joanne Cantor wa ku University of Wisconsin, amene anafufuza kwa zaka zambiri za mantha a ana, anaona kuti ana aang'ono amaopa kwambiri maonekedwe a chinthu, ngakhale chinthucho chikhale chokoma mtima kapena chopusa. Okulirapo ndi amene amayamba kuopa zimene zingachitikedi, monga moto kapena imfa ya kholo. Ndiye inu mukuona nthabwala, iye akuona nthabwala pamodzi ndi chithunzi, ndipo usiku chimatsala m'mutu ndi chithunzicho.

Bambo wa ana atatu:
Aphunzitsi anena zoona, koma pa zobisazi ine ndikukana. Buku la Maurice Sendak la zilombo, Where the Wild Things Are, litatuluka mu 1963 akuluakulu ena ankati liopseza ana. Chaka chotsatira linapata mphoto ya Caldecott, yoperekedwa ku America pa mabuku a ana a zithunzi, ndipo ana akuliwerengabe. Wanga wachiwiri ankakonda zilombo, ankachita kundilamula kuti ndizibangula powerenga. Woyamba, ayi ndithu, chithunzi cha mphaka wa maso ofiira chinkamukwanira. Ana a mimba imodzi, koma osiyana. Mukakabisa mwakachetechete adzaganiza kuti mulidi choopsa chimene ngakhale amayi ake akuchiopa.

Mayi wina:
Anzanga, masiku atatu osagona si nkhani yaing'ono, mwanayo wakuuzani kale. Ine ndikanati kabukuko kaziwerengedwa masana okha, inu muli pomwepo, osati pokagona. Ndipo funso lake lija muliyankhe mosaseka. Mugwiritseni khosi lake, mumuuze kuti mutu ndi wolumikizika zolimba ndi mafupa, minofu ndi khungu. Kenako muyetsemule dala pamaso pake aone kuti wanu sunagwe. Mumufunsenso kuti tsamba lomuopsa ndi liti, musangoganiza.

Wofunsa uja:
Zikomo kwambiri nonse. Ndamufunsa madzulo ano, ndipo ndadabwa. Si tsamba la mutu wogubuduka ayi, limenelo akulikondabe. Ndi tsamba lomaliza, pamene munthu wa mafupa uja wagona mumdima, m'malo mwa maso muli mabowo akuda akuyang'ana wowerenga. Ine tsamba limeneli sindinkaliona n'komwe, poti palibe mawu. Tagwirizana kuti kabuku kazigona pabalaza, ndipo iye mwini wapempha kuti timate kapepala pamaso pajapo. Bambo ake akadali kunyinyirika. Aphunzitsi, akadzukanso akulira sabata ino, ndidikire masiku angati ndisanakachotseretu?