Ana akukana kuti mtsinje ungadzaze popanda mvula

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Akuluakulu, ndithandizeni. Pa jogalafe ya Fomu 3 ndinapereka chitsanzo cha kamtsinje ka Bayelva ku Svalbard, zilumba za dziko la Norway, pafupi ndi kamudzi ka Ny-Ålesund, pafupifupi madigiri 79 kumpoto. Nkakafupi, kamathira m'nyanja pa malo otchedwa Kongsfjorden. Kamayenda kuyambira Juni mpaka Seputembala, miyezi yotsalayo kamakhala kataundana gwa. Ana onse alemba kuti miyezi imene kamayendayo ndiye nyengo ya mvula ya kumeneko. Ndawafotokozera kawiri konse koma sizikulowa.

Mphunzitsi wa ku Zomba: Madamu, anawo musawadzudzule. Mtsinje uliwonse umene akuudziwa umadzaza ndi mvula. Yambani ndi kumene madziwo akuchokera. Bayelva amamwa ku madzi oundana a m'mapiri otchedwa Austre ndi Vestre Brøggerbreen. Sinoo imayamba kusungunuka mu Juni, kenako ayezi weniweniyo mu Julayi ndi Ogasiti. Chodzazitsa mtsinjewo makamaka ndi kutentha. Mvula ndi sinoo pamodzi, pachaka zimangokwana mamilimita pafupifupi 400.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Ndiye mtsikana wina wandifunsa funso labwino kwambiri: ngati madzi ndi ochepa choncho, bwanji osangolowa pansi?

Mphunzitsi wa ku Kasungu: Ameneyo msungeni, ali ndi mutu. Yankho ndi permafrost. Dothi la pamwamba, mita imodzi kapena awiri, ndi lokhalo limasungunuka, pansi pake ndi poundana ngati thanthwe chaka chonse. Ine ndimachita chonchi: ndimadzaza katondo wonyowa m'mabeseni awiri, limodzi ndimaligoneka m'filiji. M'mawa ndimawapendeketsa, ndikusanjika ayezi kumtunda kwake, tonse padzuwa. M'beseni loundanalo madzi amatsetsereka pamwamba, m'linalo amamwerera. Katondo ndimasankha dala, chifukwa Bayelva amafiira ndi matope a miyala yofiira imene ayezi amapera. Mungofulumira kuchoka ku filiji, beseni likafunda zonse zawonongeka.

Mphunzitsi wa ku Zomba: Konzekeraninso funso la dzuwa, libwera ndithu. Mu Juni sililowa, koma masana limakwera madigiri pafupifupi 34, pakati pa usiku limatsikira cha pa 12. Nchifukwa chake kukakhala kopanda mitambo madzi amachuluka chakumadzulo, nkuchepa mbandakucha.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu: Zikomo aphunzitsi nonse. Pasukulu pano filiji palibe, koma ndapempha mayi wogulitsa mafilizesi pamsika, avomera kundisungira beseni Lachitatu usiku. Piriyodi yanga ndi yachitatu, ndiye ndilikulunga m'chiguduli mpaka nthawi ikwane.