Kodi Chiromo inalidi tauni yayikulu kale?

MwanaWaKwaMlolo:
Abale anga akuchigwa ndithandizeni. Ine ndinakulira ku Ndirande koma kwathu kwenikweni ndi kwa Mlolo, ndiye mwezi wathawu ndinapita kumaliro a azakhali ku Makhanga, pafupi ndi Chiromo, ndinatsikira pa Bangula nkuwoloka pa bwato pa Mtayamoyo paja. Agogo anga ankakonda kunena kuti Chiromo inali tauni kuposa Nsanje, kunali azungu, amwenye, sitima zapamadzi. Koma zomwe ndinaona ine ndi mlatho wadzimbiri ndi njanji yomera thengo basi, mtima unandiwawa. Zinali zoona zimenezija? Nanga chinapha malowa nchiyani?

MphunzitsiWopuma:
Agogo ako sananame mwanawe. Yamba wayang'ana pomwe Chiromo yakhala, mpamene Ruo wochokera kuphiri la Mulanje amathira mu Shire, ndipo ukangowoloka Ruo uli ku Mozambique kale. Malo otero aliyense ankawafuna. Chipatula, mmodzi mwa Amakololo aja anabwera ndi Livingstone, anakhazikika pamenepo nkumalamulira mtsinje mpaka anaphedwa ndi mzungu wamalonda George Fenwick mu 1884. Atsamunda atalowa, katundu ankachokera ku Chinde kunyanja yamchere, kukwera Zambezi, kulowa Shire pa sitima nkudzatsitsidwa pa Chiromo, ofesi ya kasitomu yokhometsa msonkho wa katundu inali pompo, boma linalinso pompo.

Chomwe chinaikweza ndi chomwenso chinayamba kuigwetsa, madzi. Shire atayamba kuchepa sitima zinkatitimira pamchenga zisanafike, ndiye doko linasunthira kumunsi ku Port Herald, Nsanje ya leroyi, ndipo njanji yochoka kumeneko kudzera pa Chiromo inafika ku Blantyre mu 1908. Kenako mu 1935 anatsegula mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, katundu nkumangopita ku Beira panjanji osakhudzanso madzi. Apo Chiromo inatsala siteshoni yongodutsapo.

MayiWaMakhanga:
Aphunzitsi mwalongosola bwino koma olo inali siteshoni chabe moyo unalipotu. Ine ndakwerapo sitima imeneyo ndi amayi anga tili ndi madengu a milamba yowamba kukagulitsa ku Limbe, pobwera tinkatenga sopo, mchere, zitenje, ndipo ku Bangula tinkangopita ngati pakhomo. Chotipha ife ndi madzi a 1997, anakokolola njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, kuyambira pamenepo wodwala, mayi wapakati, thumba la chimanga, njinga, zonse pabwato, ng'ona zili mmadzimo, dzina loti Mtayamoyo mukaliganizire bwino. Ukaopa bwato ndiye uzungulire mpaka pa Thabwa, tsiku lathunthu limenelo. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake nkudutsa mmidzi, ife tinagona pachulu masiku awiri, mbuzi zanga zonse zinapita ndikuziona. Dziko lathu ndi lathyathyathya ngati mphasa mwana wanga, madzi akasefukira palibe chowaimitsa. Anthu akumtunda amati bwanji osasamuka, koma sadziwa kuti madzi akaphwa dothi lomwe latsala mmadimba limabereka chimanga, mbatata ndi nyemba popanda feteleza. Usamukire kumtunda kwamiyala ukadye chani?

Kabaza_Bangula:
Achimwene mau oti malo afa ndikukana ine. Mubwere tsiku lamsika muone nsomba zochokera ku Elephant Marsh, dambo lomwe lija linalowa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2017, anthu a ku Blantyre amadzapikula konkuno. Namondwe Freddy anatipwetekanso mu Malichi 2023 koma anthu anabwerera kumadimba, Chimang'anja ndi Chisena zikumvekabe pamsika, ulimba ukulirabe. Chatisowa ndi mlatho basi. Mukadzabweranso musadzabwere Okutobala kapena Novembala, kutentha kwake kumadutsa madigiri 40, simudzatha kuyenda kukaona pamathiriro a Ruo.

MwanaWaKwaMlolo:
Takhuta nonse, za Chipatula sindinamvepo chibadwire. Amayi a ku Makhanga, ndidzabwera mu Juni kudzamanga chiliza cha azakhali, ndikupempha mudzandilozere munthu wamkulu amene angandisonyeze pomwe sitima zapamadzi zinkakocheza, ndikufuna ndidzabwere ndi ana anga awiri adzaone okha.